Kodi kukonzekera mpikisano wa pa Phiri la Mulanje kungakome bwanji?

Mnyamata wa ku Chitakale: Akuluakulu, ndikukonzekera mpikisano wa Porters Race womwe umayambira ku Likhubula, koma kuthamanga m'mawa uliwonse kwayamba kundigwetsa ulesi, moti chimene chimandidzutsa ndi mantha a tsiku la mpikisanolo basi. Kodi inu amene mwathamanga zaka zambiri mumatani kuti kukonzekerako kuzikukomerani?

Bambo wa ku Likhubula: Achimwene, ndikukayika ngati simukuthamanga mwaliwiro masiku onse. Maulendo ambiri ayenera kukhala apang'onopang'ono, oti mukhoza kucheza ndi mnzanu osabanika, chifukwa apo ndi pamene mtima ndi minofu zimazolowera kupirira. Liwiro lisungireni tsiku limodzi kapena awiri pa mlungu. Pokwera njira ya ku Chambe musachite manyazi kuyenda mutagwira mawondo pamene pakwera kwambiri, pakuti ngakhale onyamula katundu wa alendo amatero, ndipo pobwerera mukaviike miyendo m'madzi ozizira a pa Dziwe la Nkhalamba.

Mayi wa ku Thyolo: Ine ndimasintha njira, ndipo wotchi ndimaisiya kunyumba. M'minda ya tiyi kukamacha, othyola tiyi atabereka madengu amakupatsani moni, ndipo chitunda chimatha musanazindikire. Koma chiperoni chikagwa mu June ndi July, dothi lofiira lija limaterera koopsa, choncho fupikitsani mapazi potsika. Musanyamuke ndi njala. Nthochi kapena mbatata yophika imakwanira.

Mnyamata wa ku Chitakale: Zikomo kwambiri. Nanga kukwera ku Sapitwa, mamita 3,002 aja, kungandithandize?

Bambo wa ku Likhubula: Kumeneko n'kokwawa pa miyala, si kothamanga. Mukapiteko mpikisano ukadzatha, ndipo mutenge wolondolera njira.