Bonito yasungunuka, makasitomala ayamba kuyabwa

Wa lesitilanti ku Katoto:
Anzanga, ndithandizeni msanga. Chambo chakwera mtengo, ndiye ndinaoda makatoni a nsomba ya bonito ku Dar es Salaam kuti abwere kuno ku Mzuzu. Galimoto yachedwa pa boda ya Songwe, yafika ayezi atatha, kenako magetsi azima usiku wonse, jenereta ilibe mafuta. M'mawa nsomba zinali zitafewa koma fungo palibe. Takazinga zochepa masana. Pano makasitomala abwerera, wina akuti nkhope ikuotcha, wina akuyabwa thupi lonse, mutu ukuwawa. Zotsalazo ndizibwezere mufiriji kapena ndiwambe? Mpamba wanga wonse uli momwemo.

Wa ku Chibavi:
Wambani basi. Mchere wambiri, moto wa nkhuni, mawa mugulitsa. Kampango timatero zaka zonsezi, ndani anafa?

Mayi wa ku Luwinga:
Achimwene, musawanamize. Bonito si ya m'nyanja yathu ino. Ndi ya m'nyanja ya mchere, banja limodzi ndi tuna ndi makerele. Ikangokhala pamalo pofunda, kupitirira madigiri 4, mabakiteriya amasandutsa chinthu chachilengedwe cha m'mnofu wake chotchedwa histidine kukhala poizoni wotchedwa histamine. Ameneyo ndiye akuyabwitsa anthu anuwo. Akapangika wapangika: chiwaya sichimuchotsa, utsi sumuchotsa, firiji siyimuchotsa. Ndipo nthawi zambiri nsombayo sinunkha n'komwe. Odwalawo apite kuchipatala lero, makamaka ngati wina akubanika kapena mtima ukuthamanga.

Wa ku Chibavi:
Amayi, utsi umapha chilichonse. Mukufuna munthu ataye ndalama chifukwa cha zizungu.

Mkulu wa ku Zolozolo:
Choyamba, mwatsimikiza kuti ndi bonito? Yang'anani mizere. Bonito mizere yakuda ili kumsana, mano akuthwa. Ikakhala kumimba imeneyo ndi skipjack, mtundu wina wa tuna. Ngakhale pa vuto lanuli zonse n'chimodzimodzi.

Ine ndinaphikapo kuhotela ina ku Pemba. Nsomba imeneyi siipumula, imayenda m'magulu pafupi ndi pamwamba pa madzi kuthamangitsa tinsomba ting'onoting'ono, n'chifukwa chake mnofu wake ndi wofiira moderako, wamagazi. Asodzi odziwa ntchito akangoikoka amaicheka kuti magazi atuluke, matumbo kunja, kenako mu ayezi pompo. Tsiku lina mnyamata wathu anagula yomwe inakhala padzuwa pamchenga, yooneka bwino zedi. Ndinalawa kachidutswa, lilime linachita ngati ndaluma tsabola pomwe sitinathire. Mphika wonse tinakhuthula, abwana anakalipa sabata yonse.

Wa lesitilanti ku Katoto:
Mizere ili kumsana. Za tsabolazo mtsikana wakukhitchini ananenadi, ine ndimati wachulutsa zokometsera. Nanga zapakati pa katoni zomwe zikadali zouma gwa?

Mayi wa ku Luwinga:
Mukudziwa bwanji kuti sizinasungunuke panjira n'kuumanso? Onani ngati pansi pa katoni pali madzi amagazi oundana, kapena nsomba zamatirirana zopindika. Zikatero musayerekeze. Nkhani ikamveka mumsika kuti kwa uje anthu amatupa, mutseka.

Wa ku Chibavi:
Thirani mchere, wambani kawiri. Ndanena.

Wa ku Mchengautuwa:
Koma vuto lenileni sitikulikamba. Bonito kwawoko ilipo yambiri, sili pangozi yotha. Chomwe chikutha ndi chathu. Mu 2018 a IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, anaika chambo pa gulu la nsomba zomwe zili pangozi yaikulu yotheratu. Pitani kugombe mukaone maneti a udzudzu akukokolola ana omwe. Chambo chimalera ana ake mkamwa, mukagwira make nthawi yoswana mwapha banja lonse. Ndiye lero tikuthamangira nsomba za ku Indian Ocean pamene Nkhata Bay ili pakhomo pompa.

Mkulu wa ku Zolozolo:
Ulendo wina muuzeni wokutumizirani aike ayezi pakati pa nsomba, osati pamwamba pokha. Chiweta ndi Karonga kumatentha, si Mzuzu.

Wa ku Chibanja:
Pepani kudula nkhani, alipo akutsikira ku Nkhata Bay mawa? Ndikufuna wondinyamulira usipa wofutsa, ndowa imodzi.