Za ku laibulale pa tchuthi chikubwerachi: mabuku azipita kunyumba kapena ayi?

Mlembi:
Moni nonse akuluakulu. Komiti yati tisanatulutse ndalama tiyambe tamvana pano za zochitika za ku laibulale pa tchuthi chachikulu chikubwerachi. Zomwe tinagwirizana kale ndi zakuti zidzatenga masabata 6, masiku atatu pa sabata, maola awiri patsiku, m'chipinda chija mumakwana ana 40. Pomwe pavuta ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalamayo. Ena akufuna tsiku lalikulu lotsegulira, mpikisano wowerenga wokhala ndi mphoto, komanso matabuleti. Ena akuti ipite ku mabuku a ana, ndipo anawo aziloledwa kupita nawo kunyumba. Bwalo ndi lanu.

Msungichuma:
Zikomo mayi mlembi. Mabuku ine sindikukana ayi, chomwe ndikukana ndi kubwereketsa. Buku likatuluka pakhomo limakakumana ndi mvula, utsi, makoswe ndi kamwana kokwawa. Tigule mabuku 300 lero, sukulu zikamadzatsegulidwa tidzapeza mashelefu ali pululu. Aziwerengera momwemo, pamaso pa woyang'anira.

Aphunzitsi opuma:
A Msungichuma, inu ndi munthu wa masamu, tiyeni tiwerengetse. Masiku 18 ndiwo ana adzabwere. Pa maola awiri aja chotsanipo nthawi yoitana mayina, yowakhazika pansi, yomvetsera nthano, yopita kuchimbudzi ndi yobwezera mabuku pa shelefu. Mwana amatsala ndi mphindi ngati 20 zowerenga yekha. Mphindi 20 kwa masiku 18 ndi maola 6 basi, tchuthi chonse. Tsono buku likhale kunyumba, mphindi 20 zomwezo tsiku ndi tsiku kwa masiku 42 zikupereka maola 14, ndipo abale ake awerengako buku lomwelo osalembetsa n'komwe.

Nkhaniyi inafufuzidwa kale. Barbara Heyns anatsatira ana a sukulu mumzinda wa Atlanta ku America ndipo mu 1978 anasonyeza kuti ana a m'mabanja osauka amabwerera m'mbuyo pa tchuthi chachitali, pomwe ana owerenga mabuku ndi opita ku laibulale amapitabe patsogolo. Richard Allington ndi anzake ku Florida anapatsa ana osauka mwayi wodzisankhira okha mabuku 12 opita nawo kwawo, tchuthi chilichonse kwa zaka zitatu. Zotsatira zinatuluka mu 2010: anawo anakhoza bwino mayeso a kuwerenga kuposa anzawo omwe sanalandire mabuku. Panalibe mpikisano, panalibe mphunzitsi wowatsatira kunyumba. Anangodzisankhira, n'kunyamula.

Msungichuma:
Aja anawapatsiratu, Aphunzitsi. Ife tikufuna abwerere.

Woyang'anira laibulale:
Abwerera bambo, bola kabwereketsedwe kakhale ka dongosolo. Kulemba m'kaundula mmodzi wautali ndiye kumasokoneza, chifukwa pofuna kudziwa amene wachedwa kubweza muyenera kufufuza masamba onse. Njira ya makhadi ndi yachidule ndipo safuna kompyuta.

Buku lililonse limatidwe kathumba ka pepala mkati mwa chikuto cha kumbuyo. M'kathumbamo mukhale khadi lolembedwa nambala ya bukulo ndi mutu wake, ndipo pambali pake pamatidwe kapepala kodindapo tsiku lobweza. Mwana aliyense alandire matikiti awiri okhala ndi dzina lake, opangidwa ngati kaenvelopu. Akasankha buku, mumasolola khadi lija n'kulilowetsa mu tikiti yake, kudinda tsiku, basi wapita. Tikitiyo imaikidwa m'kabokosi motsata TSIKU LOBWEZA, osati motsata dzina la mwana. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mukaika motsata tsiku, m'mawa uliwonse mumangoyang'ana zomwe zatsalira kumbuyo kwa tsiku la dzulo, ochedwa onse ndi amenewo.

Masiku obwereka akhale 7. Masabata awiri ndi ochuluka kwa mwana, buku limayamba kuiwalika pansi pa bedi kapena kubwerekedwa kwa mnzake wa mnzake. Pa fomu yolembetsa pakhale dzina la kholo, nambala ya foni ndi mayina a ana ena awiri oyandikana nyumba omwenso akubwera kuno. Buku likachedwa, kutuma mnzake kumathandiza msanga kusiyana ndi kalata.

Msungichuma:
Nanga chindapusa? Popanda chindapusa adzationa ngati ogona.

Woyang'anira laibulale:
Chindapusa chimathamangitsa mwana pamodzi ndi buku. Mwana akadziwa kuti wachedwa ndipo kholo alibe ndalama, sabweranso, ndiye mwataya zonse ziwiri. Chilango chokwanira n'chakuti tikiti yake imakhala yomangika, satenga lina mpaka atabweza. Pakhomo tiikepo bokosi lokhala ndi kampata pamwamba loti munthu aponyemo buku popanda womufunsa mafunso. Mabuku ena adzatayikabe, pamenepo ndisakunamizeni. Koma buku la ana lachikuto chofewa silikhalitsa ngakhale litamangowerengedwa muno.

Mayi wa komiti ya makolo:
Walira mvula walira matope, a Msungichuma. Tikufuna ana owerenga, ndiye masamba opindika tiwalandire.

Woimira achinyamata:
Pepani makolo anga, ndilowererepo pa matabuleti. Tabuleti imodzi imanyamula mabuku mazanamazana. Pali Kiwix yomwe imalola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti, palinso African Storybook ndi StoryWeaver komwe nthano za ana n'zaulere m'zilankhulo zambiri. Bwanji tikukakamira mapepala?

Katswiri wa zamagetsi:
Mphwanga, magetsi ake si vuto kwenikweni. Batire ya tabuleti wamba imasunga mphamvu pafupifupi 25 mpaka 30 Wh (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi osungidwa), ndiye matabuleti 10 akufuna ngati 300 Wh kuti adzaze. Sola ya 100 W pa tsiku la dzuwa labwino imapereka pafupifupi 400 Wh mukachotsa zotayika m'mawaya ndi m'batire. Zikukwana, koma mwapang'ono, tsiku la mitambo ena sadzadzaza.

Vuto lili pena. Matabuleti 10 kwa ana 40 ndiye kuti ana anayi pa imodzi, ndipo wamphamvu ndi amene amaigwira. Chimayamba kufa ndi polowetsa tchaja, chifukwa ana amakoka waya chammbali, kenako galasi. Ndiponso palibe pano amene angalole mwana wa zaka 8 kupita nayo kwawo, ndiye tabwerera ku maola 6 aja a Aphunzitsi.

Ganizo lako la African Storybook ndiye ndaligwira ndi manja awiri, koma tisindikize. Nthano zambiri kumeneko zili ndi chilolezo cha Creative Commons, zimaloledwa kusindikiza ndi kumasulira malinga simunachotse dzina la wolemba ndi la wojambula. Kabuku ka masamba 16 kamadya mapepala anayi okha a A4 osindikizidwa mbali zonse ziwiri, opindidwa pakati. Masamba ayenera kukhala 8, 12, 16 kapena 20, nambala yogawika ndi 4, apo ayi mutsala ndi masamba opanda kanthu. Pa pepala lakunja tsamba 16 limakhala kumanzere, tsamba 1 kumanja, kuseri kwake 2 ndi 15. Mukasankha "booklet" posindikiza makina amadziikira okha, koma yambani mwayesa kabuku kamodzi, chifukwa mukalakwitsa mbali yotembenuzira pepala masamba a kuseri amatuluka chadodolido. Pulinta ikhale ya laser, ija ya inki ya ufa. Inki ya madzi imayenderera kadontho kamodzi kakangogwera. Pomanga pamafunika sitepula ya mkono wautali yofika pakati pa pepala, mawaya awiri pamsana, chikuto cha pepala lolimbirapo. Kotereka kakatayika, mumangosindikiza kena.

Woimira achinyamata:
Pamenepo ndagonja pang'ono bambo. Koma laputopu imodzi ikhalepo yosankhira ndi kumasulira nthanozo, achinyamata tigwira ntchito imeneyo. Mpikisano nawo musauphe, ana amakonda mphoto.

Aphunzitsi opuma:
Mphoto si yoipa, choipa ndi chomwe mukuwerengera. Mukati wopambana ndi wowerenga mabuku ambiri, ana amathamangira timabuku topyapyala, kutsegula n'kutseka, n'kubwera kudzalembetsa. Odziwa kale kuwerenga amatsogola sabata yoyamba yomwe, ndipo wovutika uja, amene tikumufuna kwambiri, amaona kuti palibe chake, n'kusiya kubwera. Werengerani masiku. Mwana aliyense akhale ndi khadi la timabokosi 42, tsiku lomwe wawerenga kapena kuwerengeredwa mphindi 20 kholo kapena mkulu wake achongepo. Aliyense wofika masiku 30 alandire buku lakelake. Akatero akupikisana ndi ulesi wake, osati ndi mwana wa mphunzitsi.

Posankha buku aphunzitseni za zala zisanu. Atsegule tsamba lapakati, aziwerenga, liwu lililonse lomugonjetsa apinde chala. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo n'lomukulira kuti awerenge yekha. Koma musamulande. Atenge limenelo loti wina amuwerengere, ndi lina losavuta la iye mwini. Matikiti awiri aja ntchito yake ikhale imeneyi.

Chinanso, ana 40 a misinkhu yosiyana musawaphatikize. A zaka 5 mpaka 7 satha kumvetsera nthano kupitirira mphindi 10 kapena 15, pomwe a zaka 11 amanyansidwa ndi nyimbo za tiana. Agaweni pawiri: ang'onoang'ono ola loyamba ali ndi wowawerengera mokweza, akuluakulu akusankha mabuku, kenako asinthane. Wowerenga mokweza ayambe waliwerenga yekha bukulo dzulo lake, agwire zithunzi moyang'anitsa kwa ana, aziima n'kufunsa kuti "mukuganiza kuti chichitike n'chiyani?" Mafunso a mayeso asiyeni kusukulu.

Woyang'anira laibulale:
Ndionjezere za kaikidwe. Manambala a Dewey aja osanjira mabuku m'malaibulale, omwe anayamba mu 1876, ndi abwino ku mashelefu a akuluakulu. Mwana wa zaka 6 safufuza 398.2 kuti apeze nthano. Mbali ya ana timate timapepala ta mitundu pamsana pa buku, mitundu itatu yokha kutengera kuvuta kwake, ndipo mabuku a zithunzi akhale m'mabokosi otsika, chikuto chikuyang'ana mwanayo. Buku loonetsa msana wokha mwana amalipitirira.

Shelefu yam'munsi italikire pansi masentimita 15 ndipo isagunde khoma, kuopa chiswe ndi chinyezi. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti mabuku amayamba chuku, choncho mawindo azitsegulidwa ngakhale masiku opanda ana. Buku likabwera lonyowa musaliyanike padzuwa, limapindika. Liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo, likatsala pang'ono kuuma mulipsinje ndi mabuku olemera. Ndipo chonde, selotepi ayi. Imasanduka yachikasu, imamatuka, n'kusiya zomata zomwe zimagwira tsamba linzake. Tsamba lothothoka limabwezeredwa ndi guluu woyera wa PVA, kamzere kopyapyala m'mphepete.

Mayi wa komiti ya makolo:
Zonsezi ndamva, koma za chitetezo cha ana sizinatchulidwe. M'chipindamo muzikhala akuluakulu awiri nthawi zonse, munthu mmodzi asatsale yekha ndi mwana chitseko chili chotseka, kaya ndi wodziwika bwanji. Ongodzipereka tilembe 6 kuti pa tsiku pazikhala atatu mosinthana, popeza ikafika sabata yachitatu ena amayamba kuzemba. Pa fomu kholo lilembe ngati mwana amabwerera yekha kapena amadzatengedwa, komanso ngati likulola kuti ajambulidwe. Zithunzi za ana zisamangoponyedwa pa Facebook chifukwa choti tikufuna kusangalatsa otithandiza. Madzi ndi sopo zikhale pakhomo, asambe m'manja asanagwire mabuku.

Wachiwiri kwa wapampando:
Laibulale si ya ana okha, anzanga. Alipo okonzekera mayeso omwe amafuna bata, alipo akuluakulu ofuna kuthandizidwa kulemba kalata yofunsira ntchito kapena kudzaza mafomu pa foni. Ana 40 akamaimba, enawa apite kuti?

Mlembi:
Chipinda n'chimodzi, ndiye tigawane nthawi, osati malo. Ana 9 koloko mpaka 11 koloko Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Masana onse bata. Lachiwiri masana achinyamata azithandiza akuluakulu za makalata ndi mafomu, munthu mmodzi mphindi 30, olembetseratu, ndipo wothandizayo asasunge nambala yachinsinsi ya munthu. Ndandandayi imatidwe pakhomo ndipo isasinthesinthe. Kholo likatumiza mwana n'kukapeza potseka kawiri, silimutumizanso.

Aphunzitsi opuma:
Lachinayi lipatseni agogo. Abwere awiri kapena atatu adzasimbe nthano, achinyamata ajambule mawu pa foni atapempha chilolezo, alembe, ana ajambule zithunzi, pulinta ija itulutse kabuku ka masamba 8 kokhala ndi dzina la wosimbayo pachikuto. Lembani mmene agogowo alankhulira, musawakonzere chilankhulo.

Msungichuma:
Mwandipanikiza, komabe mtima sunakhazikike. Ndilola motere: masabata awiri oyambirira azipita ndi timabuku tosindikiza tokha ndi buku limodzi logula, osati awiri. Lachisanu la sabata yachiwiri tiwerenge makhadi otsalira m'kabokosi. Ngati opitirira tsiku lobweza aposa limodzi pa mabuku 10 alionse, ogula aja aleke kutuluka.

Woyang'anira laibulale:
Kuwerengako ndavomera bambo, kabokosi kadzatiuza m'mphindi zisanu. Koma akapezeka ochuluka tiyambe taona kuti ali kwa ana angati. Nthawi zambiri amakhala m'nyumba ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo kutsekera ana 37 chifukwa cha atatu sikungakhale bwino.

Wapampando:
Zikomo nonse. Tsiku lalikulu lotsegulira sindinamve wolilankhulira, ndiye ndikulichotsa pa ndandanda, pokhapokha wina adzuke nalo lisanafike Loweruka. Tivote pa ziwiri: pulinta ya laser ndi laputopu imodzi m'malo mwa matabuleti, komanso ganizo la a Msungichuma la buku limodzi logula pa masabata awiri oyamba. Mayi mlembi, ikani mavotiwo pano usiku uno. Achimwene a zamagetsi, mutiuzenso ngati pulintayo ingayendere sola ija.

Katswiri wa zamagetsi:
Siyingayendere bambo. Laser ikamatenthetsa imakoka mawati mazana angapo nthawi imodzi, invetala yaing'ono imangozima. Tizikasindikizira komwe kuli magetsi, timabuku tonse ta sabata tsiku limodzi, n'kudzamangira kuno.