Ndithandizeni kusankha sukulu ya MBA ya pa intaneti yomwe thumba langa lingakwanitse

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, landirani moni. Funso langa likupita kwa inu amene munaphunzira MBA (digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi) kudzera pa intaneti muli konkuno ku Malawi, makamaka amene munadzilipirira nokha popanda thandizo la kuntchito.

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Blantyre, ndipo digiri yanga yoyamba ndi ya zamalonda. Maudindo akuluakulu omwe akulengezedwa masiku ano akumafuna munthu wa digiri yachiwiri, koma kusiya ntchito kuti ndikakhale m'kalasi sikungatheke chifukwa fizi ya ana ndi lendi zimachokera pa malipiro omwewa.

Sukulu zomwe ndaziyang'ana zilipo zingapo. University of the People ya ku America silipiritsa fizi yophunzitsira, koma wophunzira amalipira ndalama ya mayeso pa kosi iliyonse mwa makosi 12, ndipo pa zonse imeneyi ndiyo ikuoneka yotsika mtengo. Ya University of Illinois, yomwe imaphunzitsidwa kudzera pa tsamba la maphunziro a pa intaneti lotchedwa Coursera, dzina lake ndi lolemera, koma mtengo wake ukupitirira madola 20,000, choncho ndangoisirira n'kuisiya. Edinburgh Business School ya yunivesite ya Heriot-Watt imalola munthu kulipira kosi imodzi imodzi. Palinso MANCOSA ya ku Durban yomwe imalipiritsa m'marandi, komanso Unicaf yomwe ili ndi nthambi ku Lilongwe.

Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti mtengo wolembedwa m'madola sumakhala chimodzimodzi ukasinthidwa kukhala makwacha. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kutanthauza kuti amene anali pakati pa maphunziro anadzuka m'mawa fizi yawo itakwera pomwe sukulu sinawonjezerepo ngakhale senti. Kuwonjezera apo, kukhala ndi makwacha ku akaunti sikutanthauza kuti banki ikupezerani madola pa tsiku lomwe sukulu ikufuna ndalama. Kodi amene munadutsamo munkalipira bwanji, ndipo sukulu zimenezi zimamva munthu akapempha kuti zimudikire? Ngati zimalola kuima kaye miyezi ingapo popanda kutaya makosi omwe wakhoza kale, kwa ine imeneyo ndi nkhani yaikulu kuposa kuchotseredwa mtengo.

Chachiwiri ndi kuvomerezeka kwa pepalalo. Ndikudziwa kuti bungwe la NCHE ndilo limaunika masatifiketi ochokera kunja, ndipo sindikufuna kuthera zaka ziwiri ndikuwerenga usiku ndi tochi magetsi atazima, kenaka n'kuuzidwa kuti digiriyo siikuzindikirika. Sukulu zina zimadzitamandira ndi zizindikiro za AACSB, AMBA kapena EQUIS, zomwe mabungwe akunja amapereka akaunika sukulu zophunzitsa za bizinesi. Kodi olemba ntchito kuno kwathu amaziyang'ana zimenezi, kapena amangofuna kalata ya NCHE basi? Amene mumakhala pa mapanelo a intavyu, chonde ndiuzeni zoona.

Yankho loyamba: Achimwene, yambani ndi ku NCHE musanalipire ngakhale ndalama yolembetsera. Alembereni kalata yotchula dzina la sukulu, dziko lomwe inalembetsedwa ndi dzina lenileni la digiriyo, chifukwa kuvomerezeka kwa sukulu ndi kuvomerezeka kwa pulogalamu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zizindikiro zitatu mwatchulazo zimathandiza kwambiri ngati mukulingalira zokagwira ntchito kunja kapena m'mabungwe akuluakulu a maiko ambiri, koma sukulu zomwe zili nazo kawirikawiri sizikhala zotchipa.

Yankho lachiwiri: Bambo, ine ndikuona kuti mwafulumira kutaya sukulu za konkuno. MUBAS ili ndi MBA ndipo muli nayo pafupi ku Blantyre komweko. N'zoona kuti mudzafunika kumaonekera m'kalasi, koma anzanu ophunzira nawo adzakhala mabwana a makampani omwe mawa mudzakapempheko ntchito, chinthu chomwe simungachipeze pokambirana pa kompyuta ndi munthu wa ku Manila. Mukasankhabe ya pa intaneti, muwerengerenso mabandulo, batire losungira magetsi ndi ndalama yomwe banki imadula pa malipiro aliwonse opita kunja, ndipo mufunse ngati mayeso amalembedwa kamera ili yoyatsa, chifukwa netiweki ikaduka pakati pa mayeso otere mlandu umakhala wanu.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse awiri. Kalata ya ku NCHE ndilemba sabata ino. Mayi amene mwatchula za MUBAS, chonde ndiuzeni ngati makalasi ake amachitika madzulo kapena Loweruka ndi Lamlungu, chifukwa kumapeto kwa mwezi ife owerengera ndalama timaweruka usiku.