Ngongole ya makala yagawanitsa amayi a banki khonde ku Chilobwe

Msungichuma: Mwaswera bwanji amayi nonse. Disembala wayandikira, tigawane masheya, koma buku silikutsekeka. Anaphiri anatenga K200,000 mu Ogasiti pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Anangopereka K40,000 ya Seputembala. Yatsala mpamba wonse, chiwongoladzanja cha miyezi iwiri K80,000, ndi chindapusa K10,000. Zonse pamodzi K290,000.

Anaphiri: Ngongole sindikuikana ayi. Ndinaoda makala ku Neno, matumba onse anatilanda pa rodibuloko. Tinali amayi anayi pa kagalimoto kamodzi, tinabwerera ndi zitenje zathu zokha, manja bii ngati tagulitsa. Ndikupempha kuti sosho indilipirireko chiwongoladzanjacho, mpamba ndibweza pang'onopang'ono.

Mlembi: Pepani Anaphiri, malamulo amene tinasainira tonse akuti sosho ndi ya maliro, kugonekedwa m'chipatala, ndi nyumba ikapsa kapena kugwa. Za geni mulibemo. Komanso mu sosho muli K86,000 yokha, mvula ndi iyi yayambayi.

Anabanda: Ine nditi ndilankhule, wokwiya akwiye. Sosho imeneyo ndi imene inandigulira bulangete ndi mapoto mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche usiku, matope ndi miyala n'kutsikira m'nyumba zathu. Anthu tinawakumba ndi makasu muno. Phirilo linali ndi mitengo kale, lero n'lodazi. Ndiye ndalama ya ngozi tilipirire geni yomwe ikumaliza mitengo? Ayi ndithu.

Anaphiri: Achemwali, makala anga sanali a ku Soche.

Anabanda: Ku Neno kulibe anthu okhala m'munsi mwa mapiri?

Anankhoma: Anabanda, chisoni chanu tonse tikuchidziwa, koma nsima ya dzulo munaphikira chiyani? Ine mbaula, inu mbaula, a Tcheya mbaula. Magetsi ena tilibe n'komwe, amene ali nawo akukumbukira mmene tinakhalira mu mdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Gasi ndiye silinda yokha ndi ndalama ya lendi. Tonse timagula kajumbo ka makala madzulo alionse, ambiri timagula kwa Anaphiri omwewa, pena pangongole. Lero ndiye akhale mfiti ya nkhalango ali okha?

Mphunzitsi: Ndithandizeko pa lamulo. Kuotcha kapena kugulitsa makala opanda chiphaso n'koletsedwa kuyambira pa lamulo la nkhalango la 1997, ndipo mu 2020 analikhwimitsa, zilango n'kukwera. Anaphiri athokoze kuti anangolandidwa, ena amakathera kukhoti. Makala achiphaso alipo, monga a ku Kawandama Hills ku Viphya, koma muno mu Chilobwe munawaonapo pa benchi ya ndani?

Anankhoma: Ndiye nkhani yake ndi imeneyo aphunzitsi. Lamulo likugwira wa njinga ndi mayi wa matumba khumi. Malole odzaza makala, ophimba ndi lona, amalowa mu tauni muno usiku, eni ake sitinawamvepo kukhoti. Ikafika nyengo yodzala mitengo akuluakulu amabwera ndi makamera, kudzala mtengo umodzi, kuthirira ndi kheni yatsopano, basi. Pitani ku Michiru mukaone zitsa.

Tcheya: Amayi, gulu lino si nyumba ya malamulo. Tikukamba K290,000.

Msungichuma: Zikomo a Tcheya. Ndinene poyera: ikapanda kubwera ndalamayi, aliyense wa ife 18 sheya yake ichepa. Ena akudikira imeneyi kuti agule feteleza ndi kulipira fizi Januwale.

Agogo: Ana inu, tsiku limene Anaphiri ankatenga ndalama ine ndinalipo, kiyi wachitatu ndimasunga ine. A Mlembi anafunsa kuti ya chiyani, iwo anati ya makala. Tonse tinawomba m'manja. Panalibe ananena za Soche kapena za chiphaso. Seputembala atabweretsa K40,000 tinalandira, tinawerenga kawiri, palibe anati ndalamayi ikununkha utsi.

Anabanda: Agogo mwanena zoona, ndinawomba nawo. Komabe sosho isakhudzidwe. Pamenepo sindisuntha.

Mlembi: Malamulo amatilola kukatenga katundu wa chikole. Analembetsa wailesi ndi matiresi.

Anankhoma: Ena alanda makala, ife tikalande matiresi? Ana agone pa simenti mvula ino?

Anaphiri: Masheya anga afika K120,000. Dulani onsewo, ine Disembala ndisalandire kanthu. Bambo a kunyumba apeza ganyu ya zomangamanga ku Chigumula, alonjeza K50,000 pakutha pa mwezi.

Tcheya: Ndamva mbali zonse, maganizo anga ndi awa. Sosho ikhale momwe ilili. Chindapusa cha K10,000 ndi chiwongoladzanja cha Novembala tichotse, poti geniyo tinaivomereza tonse. Itsala K240,000. Tidule masheya K120,000, alipire K50,000 pa 30 Novembala, K70,000 yotsalayo isanafike tsiku logawana. Ikalephereka ndiye tikamba za wailesi, matiresi ayi.

Msungichuma: Ine K40,000 ya Novembala ikundiwawa, mwezi watha ndinalipitsidwa chindapusa chifukwa chochedwa masiku awiri okha. Koma ambiri akavomera ndilemba.

Anabanda: Ndivomera pokhapokha tilembe lamulo latsopano: chaka chamawa ngongole ya makala opanda chiphaso isatuluke m'bokosi lathu.

Anankhoma: Ndiye anthu azingonama kuti ndi ya tomato. Komanso mulembe kuti tiziphikira chiyani.

Mphunzitsi: Bwanji gulu ligule mbaula za chitetezo zingapo, tizigulitsa? Zimadya nkhuni zochepa.

Anankhoma: Nkhunizo muzitola kuti mu Chilobwe?

Tcheya: Zimenezo tikavotere Lachinayi pamasom'pamaso, 2 koloko, pakhonde pa Agogo. Anaphiri mubwere ndi bambo adzasainire K50,000 ija. Wochedwa K500, osadzati sindinaone meseji.