Impso ikutsika odwala akaimirira, report ndilembe bwanji?

Wa sikani: Akuluakulu thandizeni mutu wandiuma. Mayi wazaka 27, woonda kwambiri, wabwera kachinayi ndi ululu wa kumanja m'nthiti, ma clinician amupatsa ma antibiotic a cipro, doxy, metro mpaka watopa, akuti PID (infection ya m'chiberekero ndi m'machubu). Sikani zonse zam'mbuyo normal. Lero wandiuza kuti ululu umayamba akaima nthawi yaitali kapena akasenza ndowa, nseru mpaka kusanza, koma akagona chagada umatha kenako amakodza kwambiri. Ndiye ndamuimiritsa probe ya sikani ili pomwepo, aaa impso ya right yatsetsereka mpaka pafupi ndi iliac crest (pamwamba pa fupa la m'chiuno), pelvis ya impsoyo (pomwe mkodzo umasonkhana) yatupako pang'ono, ndamugoneka yabwerera malo ake. Ndauza amene anatumiza akuti impso siyenda, ndiye ndilembe chani ine?

Madala a X-ray: Imeneyo nephroptosis mwana wanga, floating kidney. Muyezo wake ndi kutsika kupitirira 5 cm kapena ma vertebra awiri kuchoka chogona kufika choimirira. Imakonda azimayi oonda komanso mbali ya kumanja, poti mafuta ozungulira impso amakhala ochepa. Ululu ukunenawo ndi Dietl's crisis, ureter (paipi yotenga mkodzo ku impso kupita ku chikhodzodzo) imapindika mkodzo nkuima. Koma wayeza kapena wangoona ndi maso?

Wa sikani: Sindinayeze Madala, mzere unali mpaka panja

CO (clinical officer) wa kunyanja: Likodzo limenelo. Mwayeza mkodzo? Kuno hydronephrosis (impso kutupa ndi mkodzo) iliyonse timayamba praziquantel, mankhwala a likodzo, kenako nkhani zina pambuyo.

Wa sikani: Urine ilibe ova (mazira a likodzo) achimwene, chikhodzodzo wall yake ili bwinobwino, ndipo kwawo nkumapiri

CO wa kunyanja: Sample ya m'mawa simupezamo mazira, mutenge ya masana cha m'ma 10 mpaka 2. Kumapiri kulibe madambo?

Asisi a ku fiyeta: Ine changa nchimodzi, mutsimikize kuti si pelvic kidney, impso yokhala m'chiuno yobadwa nayo. Ija ureter yake ndi yaifupi ndipo siibwerera m'mwamba olo mumugoneke bwanji. Komwe ndinayambira ntchito tinalowetsa mtsikana akuti ovarian mass (chotupa cha pa ovary), tatsegula, dotolo wagwira kale clamp, mwamwayi wina anati dikirani kaye iyi ikuoneka ngati impso. Thukuta lomwe linatuluka mu gown muja sindidzaiwala. Wa sikani wa kumeneko sanayang'ane renal fossa (malo omwe impso imakhala) nkomwe, anangolemba mass.

Madala a X-ray: Eya nchifukwa chake ndimati fossa ikakhala empty saka m'chiuno usanalembe absent kidney. Koma iwe usathamangire kulemba diagnosis, lemba zomwe waona, supine (chogona) pakuti erect (choimirira) pakuti, ma cm, suggest IVU (X-ray ya njira ya mkodzo, yobaya contrast kuti ioneke) ya supine ndi erect. Creatinine (yoona mmene impso zikugwirira ntchito) ndi pregnancy test kaye musanabaye contrast. CT musavutike nayo, munthu amalowamo chogona ndiye ituluka normal nkumakunenani kuti munalota.

CO wa kunyanja: IVU yonseyo chifukwa chani praziquantel ali mu pharmacy waulere, 40 mg pa kg kamodzi basi

Asisi a ku fiyeta: Achimwene inu likodzo limatha munthu akagona chagada?

Intern: Pepani akuluakulu, ikatsimikizika amapanga nephropexy, yosokera impso pamalo pake, eti?

Madala a X-ray: Pang'onopang'ono bwana. Opaleshoni imeneyo anayamba ndi Eugen Hahn ku Berlin mu 1881, ndipo anthu anasokedwa impso ambirimbiri pa ululu umene sunali wa impso, mpaka ma surgeon anayamba kuikana okha. Ambiri impso imatsika koma sakumva kanthu. Masiku ano amapanga ndi laparoscope (kakamera kolowetsa pa kabowo kakang'ono), koma pokhapokha zaoneka kuti ikatsika mkodzo ukutsekekadi. Zimenezo asiyireni a urology, ife tisamulonjeze mayiyo mpeni. Komanso appendix ndi gallbladder waziona bwino? Mimba ya panja pa chiberekero?

Wa sikani: Gallbladder ili clear, appendix sindinaione gas anali mbwee. Ndamuuza abwere Lachinayi ndiyeze bwino ndi marker pakhungu

CO wa kunyanja: Lachinayilo mutengenso mkodzo wa masana, mudzandiuza

Intern: Za jelo ya sikani, kwanuko ilipo? Kuno yatha sabata yachiwiri tikupempha jelo ya KY ku maternity

Asisi a ku fiyeta: Ndiye ndinu amene mukutimalizira KY eti kkkkk