Galimoto ya alamu yandifera pa ulendo wa ku Cape Maclear, ndilipire ndekha?

A admin chonde ndibiseni dzina, eni galimotowo ali pa gulu lomwe lino.

Ndimakhala pa Mangochi boma, koma ana anga nyanja ankangoimva kwa anzawo. Madzi omwe amawadziwa ndi a Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi basi. Sukulu zitatsekera ndinawalonjeza kuti Loweruka tikagona ku Cape Maclear, n'kubwerako Lamulungu. Galimoto ndilibe, ndiye ndinabwereka Sienta ya alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Anavomera mosavuta, amvekere "ingothiranimo mafuta alamu, ana akaone nyanja." Popereka makiyi anandilozera zigubu ziwiri za malita 5 m'buti, n'kunena kuti "izi musatsitse." Ine ndinkayesa ndi madzi osamba m'manja. Sindinafunse.

Tinanyamuka 7 koloko m'mawa, ine, mayi a kunyumba, ana atatu, apongozi anga aakazi ndi mng'ono wawo wa mayi a kunyumbawo. Pa Makawa tinaima kugula buledi ndi zakumwa, zonse zili bwinobwino. Mavuto anayamba titasiya msewu wa Monkey Bay n'kukhotera wa ku Cape, m'mapiri muja. Panayaka kagetsi kofiira. Apa ndisaname, ndinakaona, koma ndinati ndimalize kaye chitunda ndikaime pabwino. Sitinafike pamwamba. Mwana wanga wamkulu ndiye anakuwa kuti "adadi, kutsogoloku kukufuka!" Nditatsegula boneti m'pamene ndinazindikira ntchito ya zigubu zija, ndipo ndinakhuthulira chigubu chonse mu injini ili chiwirire.

Tinakhala pamenepo maola anayi. Anyani anatsika m'phiri n'kulanda jumbo ya buledi m'manja mwa wamng'ono, mwana kulira mpaka mawu kutha. Apongozi anayala chitenje pansi pa mtengo n'kukhala chete, osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Bola akanandikalipira.

Makaniko anachokera ku Monkey Bay pa kabaza. Anatsegula pothirira oyilo n'kundionetsa chivindikiro, chili phaa zinthu zonga tiyi wamkaka. Akuti gasiketi, yomwe imatchinga kuti madzi ndi oyilo zisasakanikirane mu injini, yapsa ndipo mwina hedi, chitsulo cha pamwamba pa injini, yapindika. Kenako anandiitanira pambali n'kundionetsa pa redieta pomwe panamatidwa kalekale, pali dzimbiri. Mawu ake anali akuti "bwana, galimotoyi imamwa madzi si lero." Tinaikokera ku Monkey Bay. Ana anaponda nyanja mphindi zochepa konko, kenako tinakwera minibasi kubwerera. K60,000 yomwe ndinatumiza kumalo ogona pa Airtel Money akuti sabweza.

Pano alamu akuti ndigule injini ina, K950,000, chifukwa anandipatsa galimoto ikuyenda. Akutinso mkati mwa sabata imanyamula anthu kupita ku Liwonde, ndiye tsiku lililonse yaima ndikuwadyera ndalama. Za redieta akuti sakuzidziwa. Kunyumba nsima ikudyedwa mwakachetechete, mayi akungoti "ndi achimwene anga, musandichititse manyazi." Ndipo alamuwa ndiwo eni mbumba, nkhani iliyonse ya ana anga imadzera kwa iwo. Ndilipire zonse, tigawane, kapena ndikane? Ndithandizeni nzeru abale.

Mayankho

Makaniko wina wa ku Liwonde: Achimwene, musathamangire kugula injini. Hedi ichotsedwe kaye, akaiyese ngati yapindika kapena yang'aluka. Ikangopindika pang'ono amaipala n'kuika gasiketi yatsopano, ndalama yake siyandikira n'komwe ya injini. Koma inunso munalakwa kawiri. Kagetsi kofiira kakayaka mumaima pomwepo, ndipo madzi ozizira sathira mu injini yotentha, mumadikira izizire. Chitsulo chimapindika ndi zomwezo. Redieta asinthe yonse, apo ayi mudzapsetsanso gasiketi yatsopanoyo.

Mayi wina: Munthu wokupatsa galimoto ndi zigubu za madzi ndiye kuti matenda ake akuwadziwa. Anakweza mayi awo omwe ndi adzukulu m'galimoto yodwala osanena kanthu? Ikanafera pokhota paja mukanati chiyani? Redieta ndi yawo, agule okha.

Bambo wina: Chobwereka umabweza momwe unachitengera, nkhani yathera pomwepo. Mukanachita hayala bwenzi pano mukugona tulo. Lipirani.

Mnyamata wina: Ine chisoni changa chili pa buledi. Anyani a m'njira ya ku Cape aja sachita manyazi, chaka chatha anatilanda nthochi pa windo galimoto ikuyenda.

Mayi uja: Bambo mukuti alipire, momwe anachitengera ndi redieta yobooka. Ndiye abweze yobookayo?

Agogo ena a kwa Chimwala: Mwanawe, nkhaniyi usaikambe pa foni, ndiponso usaitumize kudzera mwa mkazi wako, umupsetsa pakati ngati nkhuni. Tenga nkhoswe yako, nawonso aitane wamkulu wa kwawo, mukhale pansi. Makaniko anaona redietayo abwere adzanene yekha pamaso pa onse, iwe usawatchule alamu ako kuti ndi abodza. Uyambe ndiwe kuvomera kuti unaona getsi n'kupitiriza. Ukatero nawonso apeza polowera osachita manyazi. Za ndalama ya tsiku ndi tsikuyo ukane mwaulemu, sunabwereke ngati hayala.

Mwini funso: Zikomo nonse. A makaniko a ku Liwonde, ndawaimbira a ku Monkey Bay aja, akuti hedi aichotsa Lachitatu, ndiye za injini tidikira kaye. Ine ndakonzeka kulipira gasiketi, kupala hedi, ntchito ya makaniko ndi ndalama yokokera, redieta agule eni ake. Agogo, ankhoswe anga ali ku Ntcheu, afika Loweruka.

Koma pali china chachitika madzulo ano. Apongozi anabwera kunyumba ndi kambale ka usipa, ndipo pochoka anandiuza pakhomo kuti mwezi watha galimoto yomweyi inawiranso pa Ulongwe iwo ali momwemo, akuchokera ku maliro, mpaka anakatunga madzi pa mjigo. Atatero anati "koma musanene kuti ndanena ndine." Ndiye pa bwalo Loweruka ndiitulutse nkhani ya pa Ulongweyi, kapena ndingodalira makaniko?

Agogo aja: Ayi, amayiwo usawatchule. Ungowafunsa alamu ako pamaso pa ankhoswe kuti zigubu zija zinali za chiyani, kenako ukhale chete.