Mkonzi wadula dzina la shopu yanga m'nkhani, ndalama nazonso sizikubwera

Make Tadala: Anzanga ndithandizeni, zandikwana. Ndakhala ndikulembera magazini ina ya zaulimi nkhani za nkhuku, cholinga anthu adziwe shopu yanga ya anapiye ndi zakudya zake kuno ku Lunzu. Yomalizayi inali ya chitopa, katemera wa I-2 wodontheza m'diso uja, kuti amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse komanso kuti botolo ukatsegula sulisungira sabata yamawa. Mawu 900, zithunzi zojambula ndekha m'khola mwanga. Yatuluka, byline (dzina langa ngati wolemba) ilipo koma kamzere kapansi kotchula shopu ndi nambala achotsa. Kufunsa, akuti imeneyo ndi advertorial, malonda olembedwa ngati nkhani, n'kunditumizira rate card, mitengo yawo yotsatsira malonda. Invoice ya nkhani yam'mbuyo mpaka lero akuti ikukonzedwa. Nanga ndikulemberanji? Alipo anakwanitsapo kuti bio yake, kamzere kofotokoza wolembako, isadulidwe?

Angozo: Mayi, mukutaya nthawi. Mlimi wa ku Lirangwe amene agule anapiye anuwo sagula magazini. Ali pa wailesi ndi pa WhatsApp. Nkhaniyo ikani pa tsamba lanu la Facebook, nambala muike kangati mukufuna.

Bambo a Yamikani: Make Tadala, ine ndinakhalapo pa desiki ya ma sub, okonza ndi kufupikitsa nkhani isanasindikizidwe, ndikuuzeni mmene zimakhalira mkatimo. Mkonzi ndi a zamalonda ndi maofesi awiri, ndipo a zamalonda amawerenga tsamba lililonse kufuna kuona amene walowa ulere. Akapeza nambala ya foni m'nkhani amapita nayo kwa bwana, chifukwa wogulitsa zakudya za nkhuku amene walipira theka la tsamba aimba mawa lake kufunsa kuti iye walipiriranji. Ndiye sub akaona nambala sadikira kuuzidwa, amangodula. Palinso malamulo a Media Council of Malawi ofuna kuti owerenga azisiyanitsa nkhani ndi malonda. Chimene chimadutsa ndi kamzere kofatsa: "Wolembayu ndi mlimi wa nkhuku ku Lunzu." Dzina la shopu ena amalola ena ayi. Nambala iwalani. Ndipo zimenezi mumakambirana potumiza pitch (ganizo la nkhaniyo kwa mkonzi), nkhani isanalembedwe, pa imelo osati pa foni. Ikalowa pa layout, poiyala pa tsamba, mulibenso mphamvu.

Make Tadala: Ku Lunzu alimi a nkhuku tilipo angati, akulu? Andipeza bwanji?

Bambo a Yamikani: Ndi dzina lanu. Byline ikhale yofanana ndendende ndi dzina la tsamba lanu, munthu akalisaka akupezeni. Ikatuluka jambulani tsambalo, muike pa status, lina mumate pa khoma la shopu pafupi ndi sikelo. Wobwera kudzagula starter akawerenga ali pamzere amayamba kukufunsani ngati alangizi. Phindu lake lili pamenepo, osati pa nambala.

Nambewe: Inu bola akuyankha. Ine ndinalembera magazini ina nkhani za sola, kusamala batire, kusankha inverter, zonsezo. Mwezi ndi mwezi "cheke chikudikira siginecha". Tsiku lina ndinapita ku ofesi kwawo, ndinapeza loko pachitseko, mlonda akuti anasamuka usiku lendi itawakanika. Chondiwawa kwambiri si ndalamazo. Patapita nthawi ndinapeza nkhani yanga yomweyo m'kabuku ka bungwe lina, liwu ndi liwu, dzina langa palibe. Akuti anagula kwa a magazini aja. Ndiye Make Tadala lembani poyera pa imelo kuti mukuwapatsa ufulu wosindikiza kamodzi kokha, zithunzi nazonso. Lamulo la Copyright la 2016 lilipo, bungwe loteteza ufulu wa olemba ndi oimba la COSOMA lilipo, koma popanda kalata mukasonyeza chiyani?

Angozo: Mwaona? Ndi zimene ndikunenazi. Loko pachitseko. Facebook siikutsekerani chitseko.

Nambewe: Achimwene, tsamba langa linabedwa ndi makasitomala onse momwemo, musayambe.

Che Jafali: Pa invoice ija. Kawirikawiri imaima chifukwa mulibe TPIN (nambala yanu ya msonkho ya ku MRA), a accounts sakuuzani, amangoiika pansi pa zinzake. Tumizaninso yokhala ndi TPIN, tsiku, mutu wa nkhani ndi tsamba lomwe inatuluka, kopi kwa mkonzi. Dziwaninso kuti adula withholding tax, msonkho wodulidwa ndalama zisanakufikeni, musadabwe zikabwera zoperewera. Koma muumirire satifiketi yake, ena amadula osapereka ku MRA, inu mudzavutika nokha pokonza za msonkho wa shopu.

Mayi Gondwe: Changa ndi chenjezo pa zolembazo. Za mankhwala samalani kwambiri. Mulingo mukalemba, kapena sub akasintha nambala imodzi pofupikitsa, nkhuku za munthu zikafa sapita kwa mkonzi, abwera pa shopu panu atanyamula magaziniyo. Pemphani kuona proof, tsambalo lisanasindikizidwe, kapena mulembe kuti atsatire zolembedwa pabotolo ndi malangizo a alangizi a ziweto. Chinanso, musamatchule mtundu wa zakudya umene mumagulitsa wokhawo. Owerenga amazindikira, mkonzi akazindikiranso sakutenganinso.

Bambo a Yamikani: Zoona. Ndipo wina akakuuzani kuti mum'patse chipondamthengo kuti kamzereko kapulumuke, kanani. Zikadziwika amachotsedwa ntchito ndi iyeyo, inu dzina lanu limamveka m'ma newsroom onse. Njira yoyera ilipo: auzeni kuti ndalama ya nkhaniyo asakupatseni, m'malo mwake akupatseni kamalo kakang'ono ka malonda pansi pa tsamba. Ena amavomera chifukwa ndalama yolipira olemba ndiyo imawasowa.

Nambewe: Imeneyo ndiyoopsa akulu. Mukazoloweretsa akonzi nkhani zaulere, ife odalira kulemba tidya chiyani? Mitengo inagwa kale chifukwa cha anthu olemba kuti angotchuka.

Angozo: Ndibwerezenso. Kamalo ka malonda m'magazini ya Chingerezi, wogula anapiye 50 akaonera kuti? Ndalama imeneyo mupereke ku wailesi ya m'dera, mulankhule Chichewa mphindi zochepa, foni iyamba kulira.

Mayi Gondwe: Pa chilankhulo pokhapo a Angozo akunena zoona. Gawo la Chichewa la Tamvani la mu Weekend Nation ndi nyuzipepala ya Fuko zimafika kumene magazini yonyezimira siifika. Nkhani ya chitopa inayenera kukhala ya Chichewa, ituluke chilimwe chisanafike pachimake.

Make Tadala: Nanga yam'mbuyoyo ndisiye kutumiza zina mpaka alipire, kapena ndipitirize kuti asandiiwale?

Che Jafali: Imani kaye. Ngongole ikakula ndi pamene amasiya kuyankha foni.

Angozo: Musiyiretu.

Bambo a Chisomo: Pepani kudukiza, Make Tadala anapiye a Mikolongwe muli nawo sabata ino? Ndikufuna 100, ndili ku Chileka. Olandira kale katemera woyamba kapena ndikatemera ndekha?